Momwe matimu a baseball ku America amasamalira zipangizo zawo

Kumayambiriro kwa chaka chilichonse, timu ya baseball ya Boston Red Sox imapakira zipangizo zake m'galimoto yaikulu yomwe imanyamuka pa bwalo la Fenway Park kupita ku Fort Myers m'chigawo cha Florida, mtunda wa makilomita oposa 2,300, komwe osewera amakakonzekera mpikisano.

Mwa zina, galimotoyi imanyamula mipira yoposa 20,000, ndodo zomenyera mpira zoposa 1,000, zipewa zoteteza mutu komanso mayunifomu. Katunduyu amalongedzedwa m'zikwama ndi m'mabokosi kuti asawonongeke panjira.

Kasungidwe ka mipira n'kofunika kwambiri kaamba koti mpira ukauma umaterera m'manja mwa woponya, ndipo ukamenyedwa umafika kutali kuposa muyezo. N'chifukwa chake mu 2002 timu ya Colorado Rockies ya mumzinda wa Denver, komwe mpweya ndi wouma, idayamba kusunga mipira yake m'chipinda chapadera chokhala ndi chinyontho choyezedwa bwino.

Mu 2022 bungwe la Major League Baseball lidalamula matimu onse 30 kuti azitsatira njirayi pofuna kuti nyengo isamakondere mbali imodzi.