Mchenga wa ku Tengani ndi Moto wa m'Injini za Ndege

Anthu a ku Tengani, m'boma la Nsanje, amaponda tsiku ndi tsiku mchenga umene akatswiri a miyala anapezamo ilmenite, rutile ndi zircon. Zircon ameneyu ali ndi nchito yodabwitsa m'maiko akutali.

M'kati mwa injini ya ndege moto umapyola madigiri 1,400, kutentha kokhoza kusungunula ngakhale zitsulo zolimba zozungulira m'menemo. Tsono amisiri amayenga zircon napanga zirconia, nasakaniza ndi yttria pang'ono, nakutira zitsulozo. Chikutocho nthawi zambiri sichifika theka la milimita, koma, monga dothi lootcha la mphika, sichilola kutentha kudutsa msanga. Kotero chitsulo chimazizirapo ndi madigiri 100 kapena kuposa, ndipo injini imakhalitsa nimwa mafuta ochepa.

Yttrium, gwero la yttria, nayenso ali m'miyala ya phiri la Songwe ku Phalombe.

Funso lotsalira Boma ndi ili: kodi chumachi chidzatuluka m'dziko muno ngati mchenga chabe, kapena chidzayengedwa konkuno? Gawo lalikulu la yankho liri m'manja mwa aphunzitsi a sayansi, pakuti amisiri odzayenga mchengawo ali m'kalasi lero lino.