Wodwala ali gone, wothandiza sakubwera: mukanene kuti?

Inu amene mukusamalira wodwala pakhomo, kaya ndi agogo amene anafa ziwalo, kaya ndi mwana wanu amene akumwa mankhwala a TB kapena ma ARV, nkhani iyi ndi yanu.

Ativisita kapena APE akamabwera kudzaona wodwala, imeneyo ndi ntchito yake. Simuyenera kumulipira, ngakhale nkhuku. Mankhwala a TB ndi ma ARV nawonso ndi aulere. Tsiku loyamba lomwelo mufunseni kuti azibwera masiku ati, azidzachita chiyani, komanso kuti amene amamuyang'anira kuchipatala ndani. Pezani kope, muzilembamo tsiku limene wabwera ndi limene sanabwere. Ngati simulemba, mwana wa sukulu akulembereni.

Ambiri timaopa kuti tikadandaula adzakwiya n'kusiyiratu kubwera, ndiye timangokhala chete. Koma thupi la wodwala silidikira. Munthu amene sangathe kudzitembenuza ayenera kutembenuzidwa maola 2 aliwonse. Khungu la m'chiuno kapena la pachidendene likayamba kuda, kutentha kapena kusupuka, chilonda chayamba, ndipo chilonda chotere chimatha kudya mpaka pafupa. Mankhwala a TB amamwedwa miyezi 6 osadukiza. Akatsala a sabata imodzi, musayembekezere kuti wina akubweretsereni, pitani nokha ndi khadi la wodwala.

Yambani mwalankhula ndi wothandizayo, mwaulemu. Mwina njinga inathyoka, mwina mtsinje unadzaza. Zikapitirira, pitani kwa mkulu wa chipatala ndi kope lija. Mukangoti "sabwera", nkhani imasanduka mkangano. Mukati "anabwera komaliza pa 3, lero ndi pa 24, chilonda chakula", nesi ali ndi poyambira. Kulinso komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ndi komiti yoyendetsa chipatala, momwe muli anthu a kwanu konko. Ngati miyendo ikulemera kupita nokha, pemphani a nyakwawa kapena sekeretariyo akuperekezeni. Za ndalama za okalamba ndi olumala si za nesi ayi, zimenezo ndi za INAS, ndipo mumayambira kwa nthumwi yawo ya m'mudzi.

Wina akakupemphani ndalama, kapena akaulula matenda a wodwala wanu kwa anthu, musayambe n'kukambirana naye. Pitani kwa mkulu wake.

Ife a m'malire tilinso ndi lathu. Nthawi zina wodwala amatengedwa kwa abale ku Dedza kapena ku Ntcheu osatsanzika, ativisita n'kupeza chitseko chotseka kawiri katatu, n'kuleka. Musananyamuke muuzeni, ndipo mutenge khadi ndi mankhwala okwanira.

Wodwala akamabanika, akakomoka, kapena akamasanza chilichonse ndi mankhwala omwe, siyani za kope. Funani njinga kapena ngolo, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.