Dzino Lili ku Chikweo, Wozula Ali ku Liwonde

Pa 20 Malichi, tsiku limene maiko akumbukira za ukhondo wa m'kamwa, akonzi athu anatituma ku Machinga ndi ku Balaka kuti tikaone chimene ena mwa achipatala ayamba kuchita, ndicho kujambula m'kamwa mwa wodwala dzino ndi foni ya m'manja, ndi kutumiza chithunzicho pa WhatsApp kwa wodziwa mano wa paboma, kuti iye aweruze ngati munthuyo angadikire kapena anyamuke tsiku lomwelo. Kufunsira za matenda pa foni si kwachilendo kuno, pakuti nambala yaulere ya zaumoyo inabadwira m'Balaka mu 2011. Koma madokotala a mano anayamba kuphunzitsidwa m'dziko muno mu 2019, ndipo kumidzi wozula dzino akadali mlendo.

Ku dera la Chikweo, kufupi ndi nyanja ya Chiuta, tinapeza mayi wina wogulitsa nsomba zouma atakhala pakhonde la chipatala chaching'ono, atamanga duku kuchokera pamutu kudzera pansi pa chibwano, tsaya lamanzere litatupa ndi kunyezimira kufikira diso linachita ngati latsinzina. Anali atayesa madzi a mchere, fodya wa nkhuli ndi mapiritsi a pagolosale, koma dzinolo silinamve. Ndipo popeza wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, analawira mbandakucha pa kabaza, mlamu wake akutsatira pambuyo ndi mwana kumsana. Wachipatala, mnyamata waulemu amene sanaleke kumutchula kuti amayi, anamupempha ayasamule, koma kamwa linangotseguka pang'ono, mwina polowa chala chimodzi. Anaunikira ndi tochi ya foni ina, najambula, natuluka kukaima pansi pa mtengo wa mango pamene netiweki imagwira. Ndipo yankho litabwera, silinafunse za dzino ayi, koma ngati mayiyo akutha kumeza malovu, ngati thupi latentha, ndi ngati kutupako kwatsikira kukhosi. Atamva kuti kumeza kukuvuta, wodziwa mano wa ku Liwonde analamula kuti asagone komweko, chifukwa mafinya otere akatsikira pansi pa lilime atha kutseka mpweya.

Apa ndipo pagona mtsutso umene tinaumvanso ku Ntaja ndi ku Ulongwe. Ena akuti foni ndi chipulumutso, popeza isiyanitsa wofunika kuthamangira naye ndi amene angapirire kufikira Lolemba, nisunga ndalama ya ulendo imene banja likadagulira ufa. Ena, makamaka okalamba pantchitoyi, akana ndi mtima wonse, nati chithunzi sichigogoda dzino, sichikhudza tsaya kuti chimve kuuma kwake, ndipo sichiona muzu umene wabisika m'fupa. Choopsa koposa, iwo akutero, nchakuti wolangiza ali kutali, posowa china choti achite, afulumira kulemba mankhwala opha tizilombo, ululu nuzizira masiku ochepa, wodwala nayesa kuti wachira, pamene dzino lobooka likadali m'malo mwake kudikira kutupanso. Ife tiona kuti onse anena zoona, koma okanawo aiwala kuti kwa mayi wa ku Chikweo kusankha sikunali pakati pa foni ndi dzanja la dokotala. Kunali pakati pa foni ndi kubwerera kunyumba ndi duku lake.

Za mwini bandulo yotumizira zithunzizo palibe amene anatiyankha momveka, ndipo tinaona kuti mnyamata uja anagula mayunitsi ndi ndalama ya m'thumba mwake pa kaokala ka pafupi ndi chipata, pomwe mtsikana wogulitsayo wayalanso masiwiti ndi zakumwa zotsekemera, zimene ana a sukulu amazilimbirana akaweruka.