Chiphaso cha Galu ndi Milu ya Malisiti: Mwayi wa Ophunzira Mbiri ku Joni

M'chaka cha 1931, bwalo la milandu la ku Makwassie m'dziko la South Africa linalipiritsa mlimi wina mashileni asanu kaamba kolephera kuonetsa chiphaso cha galu wake. Dzina la mlimiyo linali Kas Maine. M'nkhokwe za zikalata za boma la azungu, mlandu wa galuwu ndi malo okhawo amene dzina lake linapezekamo. Koma bamboyu anakhala ndi moyo kuyambira 1894 kufikira 1985, ndipo kwa zaka zambiri ankalima mapira ndi chimanga m'minda ya azungu, namagawana zokolola ndi eni malowo. Anali ndi ng'ombe zake, makasu a ng'ombe akeake, ndipo m'kupita kwa nthawi anagulanso thirakitala.

Lero mbiri ya mlimi ameneyu ili m'buku la masamba oposa 600 lotchedwa The Seed is Mine, lomwe analemba katswiri wa mbiri Charles van Onselen ndipo linatuluka m'chaka cha 1996. Bukuli linachokera m'ntchito imene inayamba mu 1979 ku yunivesite ya Witwatersrand, yomwe ambiri amangoti Wits, mumzinda wa Johannesburg: ntchito yojambula mawu a nkhalamba za kumidzi zisanatsikire kulichete. Amene ankakhala pansi ndi a Maine nthawi zambiri, kuwafunsa m'chiyankhulo chawo ndi kujambula mayankho pa kaseti, anali mnyamata wofufuza dzina lake Thomas Nkadimeng. Chinathandizanso n'chakuti a Maine ankasunga mapepala mazanamazana: malisiti a mbewu, a ziweto, a msonkho. Pophatikiza mawu a pakamwa ndi mapepalawo, moyo wa mlimi amene boma linkamudziwa ndi galu yekha unaonekera wonse.

Nkhani imeneyi ikuyankha funso limene makolo ambiri kwathu kuno amafunsa mwana akanena kuti akufuna kupitiriza maphunziro a mbiri yakale: kodi adzadya chiyani? Ambiri amadziwa njira imodzi yokha, ya uphunzitsi wa kusekondale. Zimene zachitika ku Johannesburg m'zaka makumi anayi zapitazi zikuonetsa kuti njira zilipo zina, ndipo zambiri mwa izo zimadutsa pakhomo pa mlimi ndi pa tchona.

Sukulu ya mbiri ya anthu wamba

M'chaka cha 1977, patangotha chaka chimodzi chichitikireni zipolowe za ana asukulu ku Soweto, aphunzitsi ena a pa Wits, mwa iwo Belinda Bozzoli, anakhazikitsa gulu lotchedwa History Workshop. Cholinga chawo chinali kulemba mbiri ya anthu amene mabuku a nthawi imeneyo ankawadumpha: okumba migodi, antchito a m'nyumba, amayi ophika mowa, alimi opanda malo. M'gululi munachokera buku la Luli Callinicos la mu 1981 lotchedwa Gold and Workers, lolembedwa m'Chingerezi chosavuta kuti antchito eni ake aziwerenga. Munachokeranso Women of Phokeng la mu 1991, lomwe Bozzoli analemba pogwiritsa ntchito zokambirana zimene Mmantho Nkotsoe anachita ndi agogo aakazi a m'dera lakwawo. Mu 2008, Philip Bonner ndi Noor Nieftagodien anatulutsa mbiri ya komboni ya Alexandra mothandizana ndi anthu okhala momwemo.

M'ntchito zonsezi muli chinthu chimodzi chobwerezabwereza. Mbiri yotere siingalembedwe popanda munthu wodziwa chiyankhulo ndi mwambo wa eni nkhani, wodziwa kugwada ndi kudikira kufikira agogo atamasuka. Apa ndi pamene mwana wa ku Dedza, wa ku Chipata kapena wa ku Angónia ali ndi chida chimene anzake ambiri a ku Joni alibe.

Mbiri yathu ili m'mabokosi a ku Joni

Golide atapezeka m'dera la Witwatersrand mu 1886, migodi inafuna anthu ochuluka kuposa amene dzikolo likanapereka pa malipiro ochepa omwe eni migodi ankafuna kulipira. Bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela, lomwe mu 1977 linasintha dzina kukhala TEBA, kwathu kuno Theba, linafalikira m'mayiko oyandikana nawo. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 Epulo 1974, ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kumudzi. Dr Hastings Kamuzu Banda analetsa Wenela kulembanso anthu. Ntchitoyi inayambiranso mu 1977 koma ndi anthu ochepa, ndipo inatheratu mu 1988 mayiko awiriwa atasemphana pa nkhani yoyeza Amalawi kachilombo ka HIV. Mkangano umenewu anaufufuza ndi kuulemba katswiri wa mbiri wa ku Malawi, Wiseman Chijere Chirwa.

Makalata akale a Wenela ndi Theba amasungidwa m'laibulale ya University of Johannesburg. Ku Wits, nthambi ya Historical Papers yomwe ili m'laibulale ya William Cullen imasunga zikalata za mabungwe a antchito, mipingo ndi zipani. Mwa izo muli za ICU, bungwe la antchito limene linakhazikitsidwa ku Cape Town mu 1919 motsogozedwa ndi Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, ndipo linasamutsira likulu lake ku Johannesburg mu 1926. Ku Newtown, pakati pa mzindawu, komponi yakale ya antchito a khonsolo yomangidwa mu 1913 inasandutsidwa Workers' Museum, komwe mlendo amaona ndi maso ake makama a simenti omwe amuna ochoka kutali ankagonapo mothithikana.

Mapepala onsewa analemba ndi mabwana, makalaliki ndi atsogoleri. Amanena za chiwerengero cha anthu, makontirakiti ndi malipiro. Zimene zinkachitika m'mudzi mwamuna atapita ku Joni, momwe mayi ankalimira yekha ndi kulera ana, momwe ndalama ya Theba inagulira malata, njinga ndi ng'ombe, momwe ena anabwerera ndi chifuwa chosamva mankhwala, zonsezi zili m'mitu ya nkhalamba zathu, ndipo zili m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chitonga ndi m'Chilomwe. Mnyamata amene anapita ku mgodi mu 1973 ali ndi zaka 20, lero wadutsa zaka 70. Akulu ndi mdambo mozimira moto, koma dambo nalo limaphwa.

Pamene mbiri imasanduka umboni

Wina angaganize kuti izi ndi nthano zocheza pamoto. Zinthu ziwiri za ku South Africa zikutsutsa maganizo otere.

Choyamba ndi malo. Lamulo la mu 1994 linalola anthu amene analandidwa malo chifukwa cha malamulo atsankho kuyambira pa 19 Juni 1913 kuti apemphe kubwezeredwa malowo kapena kupatsidwa chipukutamisozi. Pofika kumapeto kwa 1998, madandaulo pafupifupi 80,000 anali atalembetsedwa. Dandaulo lililonse linkafuna umboni: ndani ankakhala pamalopo, anachotsedwa liti, manda a makolo ali pati. Ntchito yosanthula mapu akale, kufufuza m'nkhokwe za zikalata ndi kufunsa akuluakulu inagwera anthu ophunzira mbiri.

Chachiwiri ndi matenda. Okumba golide ambiri anatenga silicosis, nthenda yodza ndi fumbi la miyala lokhazikika m'mapapo, yomwenso imatsegulira njira chifuwa chachikulu cha TB. Katswiri wa mbiri Jock McCulloch anaonetsa m'buku lake la mu 2012 kuti eni migodi ankadziwa kukula kwa vutoli kwa zaka zambiri, pamene odwala ankangobwezedwa kwawo kukafera kumudzi. Mu 2018, makampani asanu ndi imodzi a migodi ya golide anavomera kupereka ndalama zokwana R5 biliyoni kwa odwala ndi mabanja a omwalira, ndipo bwalo lalikulu la milandu ku Johannesburg linavomereza mgwirizanowu mu Julaye 2019. Mu 2020 kunakhazikitsidwa bungwe la Tshiamiso Trust kuti ligawe ndalamazo kwa amene anagwira ntchito m'migodi ya makampaniwa pakati pa 12 Malichi 1965 ndi 10 Disembala 2019. Si aliyense wopita ku Joni amene ali woyenera kulandira, pakuti pamafunika umboni wachipatala. Koma khomo loyamba ndi mbiri ya ntchito ya munthuyo: mgodi uti, zaka ziti, nambala yanji. Kwa mayi wamasiye amene mwamuna wake analembedwa dzina lina pa ofesi ya Wenela, wodziwa kufufuza m'makaundula akale ndiye angalumikize dzina la kumudzi ndi dzina la ku mgodi.

Ntchito zina zimene zilipo

Kupatula kuphunzitsa ndi kufufuza m'mayunivesite, ophunzira mbiri amalembedwa ntchito m'nyumba zosungiramo zinthu zakale monga Apartheid Museum yomwe inatsegulidwa mu 2001, Hector Pieterson Museum ya ku Soweto ya mu 2002, ndi Constitution Hill, ndende yakale yomwe kuyambira 2004 ndi malo a bwalo la malamulo oyendetsera dziko. Ena amasamalira nkhokwe za zikalata ndi kuzilowetsa m'makompyuta. Lamulo la ku South Africa la mu 1999 loteteza chuma cha makolo limateteza nyumba ndi manda opitirira zaka 60, ndipo limafuna kuti ntchito zikuluzikulu za zomangamanga zisayambe akatswiri asanaunike zimene zingawonongeke. Makampani ochita kauniuni wotere amafuna anthu odziwa mbiri. Mabungwe omwe si aboma, nyumba zofalitsa nkhani ndi opanga mafilimu nawonso amafuna munthu wodziwa kufunsa, kutsimikiza nkhani ndi kulemba lipoti lomveka.

Tisanamizane, ntchito zimenezi si zochuluka ngati mchenga. Zambiri ndi zamakontirakiti a miyezi yowerengeka, ulova pakati pa achinyamata a ku South Africa ndi waukulu, ndipo chilolezo chogwirira ntchito kwa mlendo n'chovuta kupeza. Sitingaiwalenso za mu Meyi 2008, pamene ziwawa zothamangitsa alendo zinayambira ku Alexandra ndi kupha anthu 62. Wopita kukaphunzira ku Joni apite ndi maganizo obwerera, pakuti luso lomweli likufunika kumudzi. Zikalata zambiri za boma la atsamunda zinapsa pamoto wa ku Zomba mu 1919, kotero mbiri ya Malawi imadalira kwambiri zapakamwa. Megan Vaughan analemba za njala ya mu 1949 m'boma la Blantyre pomvetsera nyimbo zimene amayi ankaimba pamtondo, ndipo Elias Mandala analemba za alimi a thonje a m'chigwa cha Shire pocheza ndi alimiwo. Malamulo a malo a mu 2016, omwe akulola kulembetsa malo a makolo, akuchititsa kuti mbiri ya malire, maufumu ndi manda ikhale nkhani ya lero.

Njira yolowera

Wofuna digiri ya Honours, Masters kapena PhD ku Wits kapena ku University of Johannesburg ayenera choyamba kutumiza mapepala ake ku bungwe la SAQA, lomwe limaunika digiri yakunja ndi kunena mlingo wake. Chaka cha maphunziro chimayamba mu Febuluwale, choncho zofunsira malo zimatumizidwa chaka cham'mbuyo. Akalandiridwa amafunika chitupa cha viza ya ophunzira ndi inshuwalansi ya zachipatala. Pangano la SADC la zamaphunziro la mu 1997 limati ophunzira a m'chigawo chino azilipira fizi yofanana ndi eni dziko, ngakhale mayunivesite amawonjezerapo kandalama kena ka alendo. Thandizo la ndalama lingafunsidwe ku Canon Collins Trust, yomwe imathandiza ophunzira a m'mayiko a kum'mwera kwa Africa kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique, komanso ku Mandela Rhodes Foundation, yomwe imalipirira achinyamata a mu Africa maphunziro a Honours ndi Masters. Opikisana ndi ambiri. Chimene chimasiyanitsa wofunsira mmodzi ndi anzake ndi funso lakuthwa la kafukufuku ndi umboni woti wayamba kale kuligwirira ntchito.

Apa ndi pamene alangizi, atsogoleri a makalabu a alimi ndi a makomiti a chitukuko akubwera. Uzani mabanja a amene anapita ku Wenela ndi ku Theba asataye kapena kukolezera moto chiphaso, kontirakiti, chithunzi kapena khadi lachipatala la bambo. Azikulunge m'pepala la pulasitiki ndi kuzisunga pouma, kutali ndi chiswe. Asapereke ndalama kapena mapepala enieniwo kwa munthu wolonjeza kuwatengera chipukutamisozi. Mnyamata kapena mtsikana wa m'mudzi mwanu amene ali ku koleji mulimbikitseni kuti patchuthi akhale pansi ndi agogo, apemphe chilolezo chawo, ajambule mawu awo pa foni, ndipo alembe dzina, mudzi, mfumu yaikulu ndi tsiku. Makaseti a Thomas Nkadimeng anayamba chomwecho, ndi moni pakhomo pa mlimi wokalamba amene anali atasunga malisiti ake.