Manda a ku Old Drift ndi Asilikali a M'magazi

M'nkhalango yosungiramo nyama ya Mosi-oa-Tunya, m'mphepete mwa Zambezi kumtunda kwa mathithi a dzina lomwelo m'dziko la Zambia, muli manda akale amene alendo ambiri amangowalambalala maso ali pa njovu. Ndi manda a ku Old Drift, mudzi woyamba wa azungu kuderali. Apa panali doko lowolotsera ngolo ndi katundu, ndipo mu 1898 wamalonda wina, F. J. Clarke, anatsegulapo sitolo. Anzake anamutsatira. Koma dzinja likafika, malungo ankawagwetsa motsatizana, ena mpaka kukodza mkodzo wakuda bii asanatsirizike. Mlatho wa pamathithi utatha mu 1905, anthu anasamukira pa chitunda cha mchenga kutali ndi madambo, pamene pali tauni ya Livingstone lero.

Udzudzu sunkasankha khungu. Unkalumanso anthu a kwa Mukuni ndi a kwa Sekute, eni dera, omwe ankapalasa mabwato pa doko lomwelo usana ndi madzulo. Nanga bwanji akuluakulu a m'midzi imeneyi sankagwa ngati alendowo? Yankho lili m'magazi, m'chimene achipatala amachitcha chitetezo cha m'thupi.

Ntchito yoteteza imayambira kunja. Khungu losang'ambika ndi mpanda wolimba, mamina amakola fumbi ndi tizilombo tisanafike m'mapapo, misozi ndi malovu zili ndi mphamvu yophwanya mabakiteriya, ndipo asidi wa m'mimba amapha zambiri zimene munthu wameza ndi chakudya. Vuto la udzudzu ndi lakuti umabaya mpandawo n'kulavulira tizilombo m'kati.

Chikalowa chachilendo, oyamba kufika ndi maselo oyera a magazi, amene pachipatala anamwino amawatcha asilikali. Amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, ndipo m'kadontho kakang'ono kwambiri ka magazi, ka maikulolita imodzi, mumakhala pakati pa 4,000 ndi 11,000. Gulu lalikulu mwa iwo silifunsa dzina la mdani: limangomeza chilichonse chosakhala cha m'thupi, ndipo ambiri amafera pomwepo. Mafinya a pachilonda ndi mitembo yawo yosakanikirana ndi tizilombo. Kutupa, kufiira ndi kutentha kwa bala ndi chizindikiro chakuti mitsempha yatseguka kuti asilikali ena adutse msanga. Ngakhale kutentha thupi, kumene kumadetsa nkhawa mayi aliyense, thupi limachita dala. Maselo amatumiza uthenga ku ubongo kuti ukweze moto, chifukwa tizilombo tambiri sitiswana bwino thupi likatentha. Izi sizikutanthauza kuti mwana wotentha azisungidwa kunyumba. Moto womwewo ukapyola umakomola mwana.

Gulu lachiwiri ndi lochedwa koma lanzeru. Limakhala m'kapamba ndi m'timitu tija timatupa m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche munthu akakhala ndi bala, tomwe timatchedwa mwanabere. Kumeneko zidutswa za kachilombo zimabweretsedwa kuti maselo a mtundu wa B ndi T azione. Mwa maselo mamiliyoni ambirimbiri, ochepa okha ndi amene amagwirizana ndi maonekedwe a mdaniyo, ndipo amenewo amayamba kuchulukana. Maselo a B amapanga maantibodi, timapuloteni tomamatira pa kachilomboko kuti kalephere kulowa m'maselo ndiponso kuti kamezedwe mosavuta. Maselo ena a T amapha selo lililonse la thupi lomwe lalowedwa. Ulendo woyamba ntchitoyi imatenga sabata imodzi kapena kuposa, ndipo m'masiku amenewa ndi mmene munthu amagonera pamphasa. Akachira, maselo ena amatsala akukumbukira. Mdani yemweyo akabweranso amathana naye munthu asanamve n'komwe. N'chifukwa chake wodwala chikuku akachira sadwalanso chikuku.

Malungo samvera lamulo limeneli mosavuta. Kachilombo kake, Plasmodium falciparum, kakangolowa kamathamangira kuchiwindi, kumene kamabisala pafupifupi sabata yathunthu, kamodzi n'kuswa masauzande ambiri, munthu akuyenda bwinobwino. Tikatuluka timalowa m'maselo ofiira a magazi, n'kumawaphulitsa pa maola 48 aliwonse. Kunjenjemera ndi thukuta zimayenda ndi kuphulika kumeneko. Chinyengo chake chachikulu ndi kusintha chizindikiro chimene kamaika kunja kwa selo lofiira. Kali ndi mitundu pafupifupi 60 ya chizindikirochi, ndiye pamene maantibodi aphunzira chimodzi, kachilomboko kaonetsa kale china. Thupi liyenera kukumana ndi malungo kambirimbiri, chaka ndi chaka, kuti lisonkhanitse maantibodi okwanira. Ngakhale pamenepo silitseka khomo. Limangochepetsa ukali wa matenda, moti munthu wamkulu akhoza kuyenda ndi tizilombo m'magazi akungomva kuphwanya m'thupi.

Umu ndi mmene opalasa mabwato aja ankapulumukira. Koma wina asaganize kuti chitetezo chimenechi chinali chaulere. Mtengo wake ankalipira ndi ana. Khanda limabadwa ndi maantibodi obwereka kwa mayi ake kudzera m'nsengwa, koma amatha pakapita miyezi yochepa, ndipo kuyambira pamenepo mpaka zaka zisanu mwana amakumana ndi malungo yekha. Amene ankafika pa ukulu anali opulumuka. Alendo a ku Old Drift anali ngati makanda m'matupi a akuluakulu. David Livingstone mwiniwake, amene anaona mathithiwa mu 1855, anadwala malungo kangapo konse ngakhale ankayenda ndi kwinini, ndipo mkazi wake Mary anamwalira nawo ku Shupanga, m'dziko la Mozambique, mu 1862. Zoti wofalitsa ndi udzudzu zinatsimikizidwa ndi Ronald Ross mu 1897, chaka chimodzi chokha Clarke asanamange sitolo yake pakati pa madambo.

Lero nkhaniyi yatembenuka. Chifukwa cha maneti, kupopera m'nyumba ndi mankhwala amphamvu, malungo achepa kwambiri m'chigawo cha Kumwera kwa Zambia, kumene kuli tauni ya Livingstone, poyerekeza ndi zigawo zakumpoto monga Luapula. Ndi nkhani yokoma, komabe ili ndi mbali ina imene anthu ambiri saiganizira. Chitetezo cha malungo chimafuna kukumbutsidwa. Chikakhala zaka chosakumana ndi tizilombo chimazilala. Wachinyamata wokulira ku Maramba kapena ku Dambwa m'tauni ya Livingstone, amene sanadwalepo malungo kawirikawiri, akapita kukacheza ku Mansa, m'chigawo cha Luapula, nthawi ya mvula ali pangozi yofanana ndi ya mlendo wochokera kunja. Chimodzimodzi munthu amene anakulira kumudzi koma wakhala zaka zambiri m'tauni. Mawu akuti "ine malungo ndinawazolowera" agoneka anthu ambiri m'chipatala.

Mdani amene wasautsa tauni ya Livingstone kwambiri m'zaka zaposachedwa ndi wa mtundu wina. Monga tauni ya pamalire, yodutsamo malole ndi alendo, inali m'gulu la malo amene HIV inafala kwambiri m'Zambia. Kachilomboka sikathawa asilikali, kamalowa mwa amene amawalamula, maselo a T otchedwa CD4. Awa ndiwo amauza maselo a B kuti apange maantibodi ndi kudzutsa magulu ena onse. Munthu wathanzi amakhala ndi CD4 pakati pa 500 ndi 1,500 m'maikulolita imodzi ya magazi. Akatsika kufika pansi pa 200, matenda amene thupi linkawagonjetsa mwakachetechete amadzuka. Chifuwa chachikulu ndicho chitsanzo chodziwika: anthu ambiri ali ndi kachilombo kake m'mapapo, kotsekeredwa ndi maselo oteteza kwa moyo wonse, koma CD4 ikagwa mpandawo umagumuka. Mashingozi nawo ndi kachilombo ka katsabola kamene kanagona m'mitsempha kuyambira ubwana. Ma ARV, amene pofika mu 2005 boma la Zambia linali litayamba kupereka mwaulere, sapha chifuwa kapena mashingozi. Amangoletsa HIV kuswana, ndipo thupi limayamba lokha kubwezeretsa CD4.

Katemera amagwiritsa ntchito kukumbukira kuja popanda kudikira kuti mwana adwale kaye. Thupi limaonetsedwa kachilombo kofooketsedwa, kakufa, kapena kachidutswa chabe, n'kuphunzira popanda ngozi. Kachipsera ka pamkono kamene ana amakhala nako ndi ka BCG, katemera wa chifuwa chachikulu woperekedwa mwana akangobadwa. Ku Zambia, wa chikuku amabayidwa pa miyezi 9 ndi kubwereza pa miyezi 18, ndipo ndi wofunika kuposa mmene makolo ena amaganizira, chifukwa chikuku chimafufuta zina zimene thupi linaphunzira kale, n'kumusiya mwana wosatetezeka ku matenda ena kwa nthawi yaitali.

Katemera wa malungo anatenga zaka zoposa 30 kuti apangidwe, pa zifukwa za chinyengo chija. Woyamba, RTS,S, anayamba kuperekedwa kwa ana ku Malawi mu April 2019, kenako ku Ghana ndi ku Kenya. Amaphunzitsa thupi kugwira kachilomboko m'kanthawi kochepa kamene kali pa ulendo wochoka pakhungu kupita kuchiwindi, kasanabisale. Mwana amafunika kubayidwa kanayi, ndipo ngakhale atamaliza, achipatala amanenetsa kuti azigonabe m'neti, popeza katemerayu amachepetsa malungo aakulu koma sawathetseratu.