Musaitaye laputopuyo: yanga ankati ndi maliro, lero ikugwira ntchito

Tsiku lomwe laputopu yanga inayamba kulira kuti tiki-tiki-tiki ngati wotchi ya pakhoma, nkhani zanga zomwe ndimalemba sindinazidandaule. Nkhani munthu umalembanso. Chinandiumitsa thupi ndi kaundula wa ngongole za achemwali anga.

Achemwaliwa amagulitsa zitenje ndi nsalu za mayunifolomu mumsika wa Limbe. Kale ankalemba ngongole m'kope, koma kopelo litanyowa ndi mvula mayina ena n'kufufutika, anati: "Achimwene, basi muzindilembera m'makina anuwo." Kuyambira pamenepo madzulo alionse ndinkalemba: uje watenga nsalu zingati, wapereka zingati, watsala ndi zingati. Ngakhale za banki m'khonde yawo zinali momwemo. Inu a geni mukudziwa kuti wangongole akangomva kuti kaundula wasowa, amasanduka woiwalaiwala.

Makina anga ndi Lenovo ThinkPad T430, mtundu womwe unatuluka mu 2012. Ndinagula ya kaunjika ngati mmene ambirife timachitira. Inali itayamba kale ulesi. Ukaiyatsa unkatha kutereka tiyi, kumwa, n'kutsuka kapu, iyo ikadali kuganiza. Kenaka kunabwera kulira kuja, ndipo m'mawa wina inangokana kutsegula Windows.

YAFA IMENEYI, NDIGULITSENI

Ndinathamangira kwa wokonza wina m'tauni. Mkuluyu sanamasule ngakhale screw imodzi. Anangoiyatsa, kupukusa mutu, n'kunena kuti: "Bwana, iyi ndi maliro. Ndigulitseni ndichotseko zipangizo, inu mukagule ina."

Kugula ina? Ndi ndalama ziti? Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo mosaneneka, ndipo laputopu sitipanga kuno. Ndinanyamula maliro angawo n'kutuluka.

Mnzanga wina ndi amene anandilozera kwa mnyamata wina wokonza makompyuta kakhumbi kakang'ono. Ameneyu anatsegula makinawo ine ndikuona, n'kumandifotokozera chiwalo chilichonse. Zomwe ndinaphunzira tsikulo ndi zomwe ndikufuna ndikugawireni, chifukwa safunsa anadya phula.

MULI ZINTHU ZITATU

Taganizirani za geni yanu. Pali inu wogulitsa, pali benchi yoyalapo malonda, ndiye pali chipinda chosungiramo katundu usiku. Mu laputopu ndi chimodzimodzi. Wogulitsa ndi processor, amene amagwira ntchito yonse yowerengera. Benchi ndi RAM: zonse zomwe mwatsegula nthawi imeneyo zimayalidwa pamenepo, ndipo mukazimitsa makina benchi imatsala yopanda kanthu. Chipinda chosungiramo katundu ndi hard disk, momwe mumagona mafayilo anu, zithunzi, nyimbo ndi Windows imene.

Tsono benchi ikachepa, wogulitsa amangokhalira kuthamangira kuchipinda kukatenga katundu. Chipindacho chikakhalanso kutali, chitseko chake chovuta, kasitomala amatopa n'kudikira. Ndiwo ulesi wa laputopu umenewo. Nthawi zambiri wogulitsa alibe mlandu. Vuto ndi benchi ndi chipinda. Ndipo ziwirizi, m'malaputopu ambiri akale a m'maofesi monga ThinkPad, Dell Latitude ndi HP EliteBook, zimachotseka n'kuikamo zina.

CHOMWE CHINKALIRA

Cholira chija chinali hard disk. Mkati mwake muli timbale tomwe timazungulira, m'malaputopu ambiri ka 5,400 pa mphindi imodzi, ndi kamkono kowerenga komwe kamayandama pamwamba pake. Chinthu chotere sichigwirizana ndi mabampu a minibasi kapena kugwa pa mpando chili choyaka. Chikayamba kulira ndiye kuti chikutsanzika.

Mnyamatayo anati: "Achimwene, choyamba tipulumutse katundu, nyumba isanagwe." Anamasula screw imodzi, kusolola hard disk ija, n'kuilowetsa m'kabokosi kokhala ndi chingwe cha USB. Anailumikiza ku kompyuta yake. Tinadikira, ine mtima uli phaphapha. Kaundula wa achemwali anatuluka wathunthu. Zithunzi zina za ukwati wa msuweni wanga zinakana, zinapita basi.

Apa ndiye phunziro loyamba: hard disk ikayamba kulira, lekani kuiyatsayatsa. Kuyatsa kulikonse kukuifupikitsira moyo. Koperani zofunika pa fulashi tsiku lomwelo.

M'malo mwake tinaikamo SSD. Imeneyi ilibe chozungulira chilichonse, imasunga zinthu m'matchipi ngati mmene imachitira fulashi kapena memory card ya m'foni. Hard disk ya laputopu imawerenga pafupifupi ma megabyte 100 pa sekondi, pamene SSD ya mtundu wa SATA imafika cha m'ma 500. Siilira, siopa mabampu, ndipo imadya moto pang'ono.

Koma chenjerani pogula, ma SSD ali mitundumitundu. Pali ya 2.5 inchi, yooneka ngati kabokosi kafulati, yomwe imalowa pamalo pa hard disk yakale. Palinso ya M.2, yooneka ngati kandodo kopyapyala, ndipo ya M.2 yomweyo ilipo ya SATA ndi ya NVMe. Si laputopu iliyonse yomwe imalandira zonse ziwiri. Musagule musanaone malo ake mkatimo. Kwa munthu wolemba maakaunti, makalata ndi kusunga zithunzi za katundu, ya 256GB imakwana.

APA NDINAZINDIKIRA KUTI ANANDIPUSITSA

Titatsegula kachitseko ka pansi kuti tione RAM, ndinachita manyazi. Wondigulitsa uja anandiuza kuti makinawa ali ndi RAM ya 8GB, ndipo pa kapepala komata pamwamba analembanso choncho. Kachitsekoko tinapeza malo opanda kanthu. T430 ili ndi malo awiri a RAM, ena pansi, ena kunsi kwa kiyibodi, ndipo munali kamodzi kokha ka 4GB. Zaka zonsezi ndinkayenda ndi theka la zomwe ndinalipira.

Chikhala ndinadziwa, sindikanafunikanso screwdriver kuti ndigwire bodzali. Pa Windows 10 kapena 11, dinani mabatani atatu pamodzi, Ctrl, Shift ndi Esc. Patseguka Task Manager. Pitani polembedwa Performance, kenaka Memory. Pamenepo makina amanena okha kuti RAM ndi yochuluka bwanji, ndiponso malo angati mwa malo ake ali ndi kanthu. Pomwepo pa Disk mudzaonanso ngati muli SSD kapena HDD. Kapepala komata kamanama, koma apa ndi povuta kunama.

RAM nayo ili ndi mibadwo yake. Malaputopu a zaka za m'ma 2012 amadya DDR3. Ena otsatira amafuna DDR3L, yomwe imayendera mphamvu ya 1.35V pamene DDR3 wamba ndi 1.5V, mukaika wamba m'makina ofuna L, akhoza kukana kuyaka. Kuyambira cha m'ma 2016 ambiri ndi a DDR4, ndipo atsopano kwambiri ndi DDR5. Ka DDR3 ka laputopu kali ndi timano 204, ka DDR4 kali ndi 260, ndipo kampata ka pakati pa timanoto sikali pamalo amodzi. Kakakana kulowa musakakamize, si kake. Komanso RAM ya kompyuta ya pa desiki ndi yaitali, siilowa mu laputopu. Inu funsani ya SO-DIMM.

Tinaonjezera kena ka 4GB kuti ikwane 8GB. Kaikidwe kake n'kosavuta moti ndinaika ndekha: umakalowetsa chopendeketsa, kampata kalunjike pake, kenaka n'kukadinikiza pansi mpaka tizitsulo ta m'mbali titalira kuti thwa. Makina anga akhoza kulandira mpaka 16GB, koma pa ntchito yangayi 8 yakwana. Chinanso: ngati Windows yanu ndi ya 32-bit, siiona RAM yopitirira 4GB ngakhale muike yochuluka bwanji. Uzani wokonza akuikireni ya 64-bit.

FUMBI NDI BATIRE

Fani titaiona, munali fumbi longa thonje. Nzosadabwitsa kwa makina oyenda m'misika mwezi wa October. Fumbi likatseka njira ya mpweya, processor imatentha, ndiye imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse, mwinanso kuzima kumene. Mnyamatayo anapukuta ndi kaburashi, n'kupaka phala latsopano lotchedwa thermal paste pakati pa processor ndi chitsulo choziziritsa. Ndipo anandiletsa kuika laputopu pa bulangete kapena pa mulu wa nsalu, chifukwa timabowo topumira timatsekeka.

Batire sitinasinthe tsikulo, ndalama zinali zitatha. Koma ndi kuthimathima kwa magetsiku, batire ndi nkhani yaikulu. Windows ili ndi lamulo loti powercfg /batteryreport, lomwe limaonetsa mphamvu yomwe batire inabadwa nayo ndi yomwe yatsala. Wokonza aliyense wodziwa ntchito akhoza kukuonetsani. Ndipo mukaona kuti pansi pa laputopu patukumuka, kapena poyendetsera chala paja pakwera, batire yatupa. Imeneyo musaiboole, musaipinde, musaitchajenso. Batire ya lithium yotupa imatha kuyaka moto. Palinso kabatire kena kakang'ono mkati, kosunga tsiku ndi nthawi. Makina akamaiwala deti nthawi zonse, n'kameneko katha, ndipo n'kotchipa.

MUKAFUNA KUTSEGULA NOKHA

Zimitsani makina kwathunthu, zulani chaja, chotsani batire. Ngati batire ndi ya mkati, muyambe mwazula kachingwe kake musanakhudze china chilichonse. Gwirani kaye chitsulo, monga felemu ya chitseko kapena mpopi, kuti magetsi a m'thupi aja amathetheka mukavula juzi atuluke. Amapha matchipi mwakachetechete. RAM muziigwira m'mbali, osati pa timano ta golideto. Jambulani ndi foni musanachotse kanthu, ndipo ma screw muwayale pa pepala monga mmene analili, chifukwa ena ndi aatali ena aafupi, ndipo yaitali ikalowa polakwika imaboola. Chivundikiro chikakana, pali screw yomwe mwaiwala, kawirikawiri kunsi kwa timapazi ta labala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngati mukupereka kwa wokonza, jambulani kaye za mu Task Manager zija musanasiye makina, ndipo mukaonenso potenga. Alipo ena osaopa Mulungu amene amasolola RAM yabwino n'kuikamo yochepa. Chiwalo chakale chomwe achotsa ndi chanu, chitengeni, makamaka hard disk, poti muli zinsinsi za geni yanu. Pogula SSD ya kaunjika, auzeni akuonetseni pa pulogalamu ya CrystalDiskInfo, yomwe imanena maola omwe yagwira ntchito ndi thanzi lake. SSD yolembedwa 2TB koma mtengo wake ngati wa fulashi, ithaweni, zachinyengo zilipo.

SI ZONSE ZIMASINTHIKA

Ndisakunamizeni kuti laputopu iliyonse imadzuka chonchi. Zambiri zopyapyala za masiku ano RAM yake anaiwotcherera pa motherboard, siichoka. MacBook Air ndi choncho, ndipo ma MacBook okhala ndi tchipi cha M1 cha mu 2020 ndi otsatira ake, RAM ngakhale SSD simungasinthe. Processor nayo m'malaputopu ambiri ndi yowotcherera. Choncho pogula, funso loyamba likhale lakuti: kodi imatseguka, nanga ili ndi malo oonjezera RAM?

Musakomedwenso ndi kapepala kolembedwa Core i5 kapena i7. Funsani nambala yonse. Yanga ndi i5-3320M. Nambala yoyamba ija, 3, ikutanthauza m'badwo wachitatu. Ya i5-8250U ndi ya m'badwo wachisanu ndi chitatu. Izi n'zofunika chifukwa Microsoft inathetsa chithandizo chake cha nthawi zonse pa Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 mwalamulo imafuna processor ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kupatulako zochepa chabe, komanso katchipi ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Yanga siikwanira pamenepo, ngakhale ndiike RAM yodzaza dengu. Mnyamata uja wandilangiza kuti ndiikemo Linux Mint, yomwe ndi yaulere ndipo imayenda bwino m'makina akale. Ndikuiyeserera kaye pa fulashi. Koma amene mukugula lero, yang'anani ya m'badwo wa 8 kapena kuposera apo.

Ndalama zomwe ndinalipira pa SSD, RAM ndi ntchito ya mnyamatayo sizinafike n'komwe pa mtengo wa laputopu ina ya kaunjika. Lero ndikaiyatsa, madzi a tiyi asanafunde n'komwe iyo yatsegula kale.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinapita nayo kwa achemwali. Sanafunse za SSD kapena za RAM. Anangoti: "Tatsegulani pa dzina la mayi aja a mayunifolomu, dzana amati anamaliza kulipira." Tinatsegula. Anali asanamalize.

Pano kaundulayo ali malo atatu: mu laputopu, pa fulashi yomwe achemwali amasunga m'kachikwama ka ndalama, ndi m'kope latsopano lomwe timalikuta ndi pulasitiki.