Kuyendera nyumba uli kutali: ndi pulogalamu iti yoyenera ntchitoyi?

M'bale wathu ali ku Johannesburg, koma akufuna nyumba ku Area 47 mumzinda wa Lilongwe. Kale akanatuma mlamu wake kuti akaione, n'kumadikira zithunzi zitatu zinayi pa WhatsApp, zojambulidwa mbali yokongola yokhayokha. Lero atha kuima pakati pa balaza kudzera pafoni, kutembenuka ndi chala, kusuzumira kudenga ngati siling'i ili ndi zipsera za mvula, kenako n'kudina kachizindikiro ka pakhomo n'kupezeka ali kukhitchini. Maulendo otere Angerezi amati virtual tour.

Lusoli si lachilendo. Kampani ya Apple inatulutsa QuickTime VR mu 1995, ndipo Google inayamba kuonetsa misewu ya ku America pa Street View mu 2007. Mliri wa Covid-19 utatseketsa malo osungirako zinthu zakale mu 2020, anthu ochuluka anaona denga la Sistine Chapel ku Vatican ali khale kunyumba kwawo. Ogulitsa nyumba ndi eni mahotela anatolapo phunziro.

Ntchitoyi ili pawiri. Poyamba pamafunika chithunzi chozungulira mbali zonse, chomwe m'litali mwake mumakhala mowirikiza kawiri msinkhu wake. Makamera monga Ricoh Theta, yomwe inatuluka mu 2013, ndi Insta360 ali ndi magalasi awiri ofulatirana, ndipo amajambula chipinda chonse kamodzi n'kamodzi. Amene ali ndi kamera wamba amajambula zithunzi zingapo akuzungulira pamalo amodzi, n'kuzisoka pakompyuta. Pa kusokaku akatswiri ambiri amadalira PTGui ya ku Netherlands, yomwe ndi yogula. Hugin imagwira ntchito yomweyo kwaulere, kungoti imafuna kudekha poiphunzira.

Gawo lachiwiri ndi kulumikiza zithunzizo kuti zikhale ulendo, ndipo apa m'pomwe mapulogalamu amasiyanirana. Ena ali ngati nyumba ya lendi, ena ngati nyumba yogula, ena ngati puloti yaulere yomwe uyenera kumangapo wekha.

Mwa a lendi, wotchuka ndi Matterport, kampani ya ku California yomwe inayamba mu 2011 ndipo inagulidwa ndi CoStar Group mu 2025. Iyi imayeza zipinda n'kupanga chifanizo cha nyumba yonse, chooneka ngati mwaivundukula denga n'kumaiyang'ana muli pamwamba. Kwa wogulitsa nyumba zikuluzikulu palibe yoiposa. Vuto lake n'lakuti ulendowo umakhala pamakompyuta a kampaniyo, ndipo umalipiridwa mwezi ndi mwezi. Kuula nayo imasunga ntchito yanu kwawo, koma ndi yosavuta: mumangokweza zithunzi, kuika zizindikiro, basi. Ili ndi gawo laulere, ngakhale kuti zambiri zofunika pabizinesi n'zolipira.

Mapulogalamu ogula ndi monga 3DVista ya ku Spain, komanso Pano2VR ndi krpano za ku Austria. Mumalipira laisensi kamodzi, pulogalamuyo n'kukhala pakompyuta yanu, ndipo mafayilo a ulendo mumawaika patsamba lanu la intaneti. 3DVista ili ndi zokometsera zambiri, monga mawu, makanema ndi mapu a nyumba. Pano2VR imakupatsani mpata wokonza maonekedwe momwe mufunira. Krpano ndi yamphamvu, koma imakomera amene saopa kulemba malangizo a pakompyuta. Mtengo woyambira ndi wowawa, kungoti ukalipira wapuma.

Aulere ndi Marzipano ndi Pannellum. Ndi opepuka ndipo amatseguka msanga pafoni, koma mukasokonezeka palibe ofesi yoimbira foni.

N'chifukwa chiyani nkhani ya umwini ili yaikulu chonchi? Mbiri ikuyankha. Adobe itasiya Flash kumapeto kwa 2020, maulendo ambiri akale omwe ankadalira pulogalamuyo anasiya kutseguka. Mu June 2021 Google inatseka Tour Creator, chida chaulere chomwe aphunzitsi ankakonda. Mu 2023 inachotsanso apu ya Street View ya pafoni. Ngati kampani yaikulu ngati imeneyo itha kutseka chitseko, nanga zing'onozing'ono? Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Kuno kwathu pali zina ziwiri zofunika kuziganizira. Choyamba ndi ndalama zakunja. Mapulogalamu a lendi amalipiridwa m'madola, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense wolipira m'madola anaona bilu yake ikulumpha tsiku limodzi. Mwini loji ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay amene khadi lake la kubanki lakana kulipira atha kudzuka ulendo wake utazimitsidwa nyengo ya alendo ili pachimake. Chachiwiri ndi bandulo. Makasitomala ambiri adzaona ulendowo pafoni, penanso netiweki ikuvuta. Pulogalamu yabwino imaduladula chithunzi m'tizidutswa n'kumatumiza mbali yokhayo imene munthu akuyang'ana, ndipo krpano, Pano2VR ndi Marzipano zimachita zimenezi.

Tsono tisankhe iti? Wogulitsa nyumba zodula, zomwe zimapeza mwini pakangopita miyezi yochepa, lendi ya Matterport ingamubwezere ndalama zake. Wongoyamba kumene ayese Kuula, aone ngati makasitomala akuchita nazo chidwi. Koma sukulu, loji kapena nyumba yosungirako zinthu zakale, yomwe ikufuna ulendo wokhala zaka zambiri, igule laisensi kapena ipeze wachinyamata wodziwa kompyuta amange ndi Marzipano.

Ndipo inu amene mukulemba ganyu wojambula, musamalize kumulipira asanakupatseni zithunzi zenizenizo pafulashi. Pulogalamu ikadzatha, mudzamangira pa zomwezo.